Camry Yatsopano, Premio, Mark X kapena Atenza: Saluni ya Banja Yoyenera Misewu ya ku Kasungu

Msika wa fodya ukatsegulidwa pa Chinkhoma, soya ndi mtedza n'kuyamba kutuluka m'midzi, mabanja ambiri a ku Kasungu amayamba kufunsa mitengo ya galimoto. Ambiri safuna lole kapena pikapu. Amafuna saluni yapakati, yokwana anthu asanu ndi zikwama, yopita nayo ku Lilongwe, kutchalitchi, kuchinkhoswe, kukatula ana kusukulu zogonera komweko, ndi kumudzi kukagwa zovuta. Maina omwe amamveka kawirikawiri ndi Toyota Camry, Premio ndi mnzake Allion, Mark X, Mazda Atenza ndi Nissan Teana. Zonsezi ndi galimoto zabwino kumene zinapangidwira. Kuno zimasiyana pa zinthu zitatu: zimatalikira bwanji pansi zikanyamula, zimalola mafuta otani, ndipo ndani angazikonze pa Kasungu pomwe pano popanda kuzikweza pa lole.

Msewu ndi katundu

Kuchoka pa Kasungu boma kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa M1, ndipo pa tala ngati ameneyu saluni iliyonse imayenda mosangalatsa. Chiyeso chili pa mahampu a m'malo ochitira malonda monga Mponela ndi Madisi, ndiponso pamene mwasiya tala n'kulowera kumudzi: misewu yafumbi ya ku Chulu, ya ku Lifupa, kapena tinjira ta m'maesiteti tomwe ngolo ndi mathirakitala anakumba mizere iwiri n'kusiya mtumbira pakati. Mtumbira umenewu ndiwo umaboola sampu ndi kuphwanya ekizozi.

Manambala ake ndi awa. Premio ya mtundu wachiwiri, ya 2007 mpaka 2021, imatalikira pansi mamilimita 160, ndipo pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamilimita 2,700. Atenza nayo ndi 160, koma pakati pa matayala pali 2,830. Mark X ndi 155 pa 2,850. Camry ya XV70, ya 2017 mpaka 2023, ndi 145 pa 2,825. Kusiyana kwa mamilimita 15 kumaoneka kochepa, koma galimoto ikakhala yotsika komanso yaitali pakati pa matayala, mimba yake imakumana ndi msana wa hampu matayala akumbuyo asanayambe kukwera. N'chifukwa chake Premio imadutsa mwakachetechete pamalo pomwe Camry imakhula.

Palinso china chomwe ogulitsa sanena. Pa mapepala a ku Japan, munthu mmodzi amawerengedwa makilogalamu 55, kutanthauza 275 pa anthu asanu. Akuluakulu asanu a kwathu kuno, tiyerekeze makilogalamu 70 aliyense, ndi 350. Muikepo matumba awiri a fetereza kapena a chimanga a makilogalamu 50, mwafika 450. Masipuling'i akumbuyo amakhala pansi, mashoko amagwira ntchito atatsala pang'ono kufika pamapeto, ndipo utali uja wolembedwa m'buku mulibenso. Ngati ulendo wanu wa sabata iliyonse ndi wotere, saluni iliyonse idzakudyerani mashoko ndi mabushi, ndipo mwina funso lanu lenileni ndi la galimoto ya mtundu wina.

Ambiri amakweza galimoto ndi ma spacer, zophatikira zoikidwa pamwamba pa masipuling'i. Mamilimita 20 mpaka 25 amathandiza ndithu, bola akaikidwa mukapimitse alaimenti tsiku lomwelo. Mukapitirira 30, ma CV joint, mfundo za zitsulo zozungulitsa matayala, amagwira ntchito atapindika kwambiri, mphira zake zimang'ambika msanga, fumbi limalowa mu girizi, ndipo pakapita miyezi mumayamba kumva kuti kha-kha-kha pokhota.

Pa mafuta, petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo injini za petulo za zaka zimenezi zimayenda naye. Choopsa ndi mafuta a m'zigubu nthawi imene pamafilingi siteshoni pauma: amabwera ndi madzi, dothi, nthawi zina parafini. Injini yomwe imathira mafuta munjira ya mpweya, ngati ya Premio, imatsokomola koma n'kupirira. Yomwe imapopera mafuta mwamphamvu mkati mwenimweni mwa silinda, ngati ya Mark X ndi ya Atenza, imawononga pampu ndi mainjekita, zipangizo zodula zedi.

Camry: yabwino koposa, koma ili ndi zofuna zake

Camry yatsopano, ya XV80, inaonetsedwa kumapeto kwa 2023 n'kuyamba kugulitsidwa mu 2024. Injini yake ndi ya malita 2.5 ya masilinda anayi, ndipo m'maiko ngati America ndi Australia imagulitsidwa ya hybrid yokhayokha, yoyendera petulo ndi magetsi. Amene akuifuna adziwe kuti n'kovuta kuipeza pakati pa galimoto zomwe zinagwira ntchito ku Japan, chifukwa Toyota inasiya kugulitsa Camry m'dzikolo mu 2023. Za ku America chiwongolero chili kumanzere, zomwe n'zosayenera pa M1 pamene mukufuna kupitirira thiraki ya fodya. Ya chiwongolero chakumanja iyenera kuchokera kumisika ngati Australia kapena Thailand, kapena mufunse kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka ngati angakuitanitsireni ndi chitsimikizo chake. Ku South Africa Camry anasiya kuigulitsa kalekale, choncho musadalire kuti bampala, nyali kapena galasi lakutsogolo mudzazitumitsa mosavuta pa basi ya ku Johannesburg.

Zomwe zimafika kuno kawirikawiri ndi XV50 ya 2011 mpaka 2017 ndi XV70 ya 2017 mpaka 2023, ndipo za ku Japan zonsezi ndi hybrid. XV80 yakhala pa chimango chomwecho cha XV70, kotero zambiri zonena za imodzi zimakhudzanso inzake.

Mkati mwake, palibe ina pagululi yoipambana. M'lifupi XV70 ndi mamilimita 1,840, pamene Premio ndi 1,695, ndipo akuluakulu atatu kumbuyo amamva kusiyana kumeneku asanafike pa Bua. Buti ya XV70 ndi malita 524 chifukwa batire lalikulu analiika pansi pa mpando wakumbuyo. Pa XV50 batirelo lili kuseri kwa mpando, ndipo buti inachepa kufika malita 440. XV70 ilinso ndi ma airbag a m'mbali ndi makina omanga mabuleki okha ikaona chinthu kutsogolo, zomwe n'zofunika pamsewu wodzaza njinga za kabaza ndi mbuzi.

Pa kamwedwe ka mafuta ndi pomwe imapambaniratu. Pa muyeso wa ku Japan wotchedwa JC08, XV50 inalembedwa makilomita 23.4 pa lita, XV70 makilomita 28.4, Premio ya 1.8 makilomita 16.4, Mark X ya 2.5 makilomita 11.8. Pamsewu weniweni simudzafika pamenepo ndi iliyonse, koma manambalawa amaonetsa kutalikirana kwake. Ulendo wa Kasungu kupita ku Lilongwe ndi kubwerera, makilomita 260, pa muyeso umenewu ndi malita 9 pa XV70, 11 pa XV50, 16 pa Premio, 22 pa Mark X. Dziwani kuti hybrid imapulumutsa kwambiri poyenda moima-ima m'tauni. Pa liwiro la 100 pamsewu wautali injini ya petulo ndiyo imagwira ntchito nthawi yambiri, ndipo phindu limachepako.

Anthu amaopa hybrid kuti ndi yovuta, koma mbali zina ndi yosavuta kuposa galimoto wamba. Ilibe sitata, ilibe alternator, ilibe lamba wa fani, ndipo giyabokosi yake ilibe lamba wachitsulo ngati CVT, giyabokosi ya otomatiki ya Premio; muli magiya ochepa ndi mamota awiri amagetsi. Mapadi a mabuleki amakhalitsa chifukwa mota ndiyo imayamba kuchepetsa liwiro.

Mdani wake ndi fumbi ndi kutentha. Batire lalikulu limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya kuchokera mkati mwa galimoto, pakabowo kamene kali pafupi ndi mpando wakumbuyo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la ku Kasungu limatseka kasefa ka pabowopo ndi mapiko a fani. Chitenje, chikwama kapena thumba la ufa likatsamira pabowo, zotsatira zake n'zomwezo. Batire likamatentha limakalamba msanga, injini imayamba kulira pafupipafupi, mafuta amakwera, kenako pamatuluka chenjezo ndi nambala ya P0A80 pa kompyuta. Kasefako kayeretsedwe pa sevisi iliyonse, ndipo fani itsukidwe kamodzi pachaka, makamaka kumapeto kwa chilimwe.

Madzi oziziritsa ali pawiri: a injini ndi a inverter (chipangizo chosintha magetsi a batire kupita ku mamota), chilichonse ndi kathanki kake. Onse amafuna coolant wapinki wa Toyota. Madzi a pamjigo amasiya mchere ndi dzimbiri m'tinjira ting'onoting'ono. Batire laling'ono la 12V likafooka galimoto siilowa pa READY, kutanthauza kuti siiyaka, ngakhale lalikulu lili lodzaza, ndipo ambiri amathamangira kuganiza kuti hybrid yafa pamene vuto ndi kabatire. Ikafa panjira isakokedwe ndi chingwe matayala akutsogolo akuzungulira pansi, chifukwa mota imapanga magetsi omwe angawotche inverter. Mawaya a mtundu wa lalanje ali ndi mphamvu yopha munthu. Makaniko amene alibe magolovesi ake ndi kompyuta yowerenga batire asawakhudze. Amisiri odziwa ntchitoyi ambiri ali ku Lilongwe. XV70 imafunanso oyilo wopyapyala wa 0W-16 kapena 0W-20, pafupifupi malita 4.5, ndipo 20W-50 amene amapezeka pa shopu iliyonse si wake.

Kwa banja lokhala pa boma, kapena pa Mtunthama, lomwe maulendo ake ambiri ndi a pa tala ndipo Lilongwe silimuona kutali, XV70 ndiyo galimoto yabwino koposa pa zonsezi. Kwa banja lomwe nyumba yake ili makilomita 20 kuchoka pa tala, mamilimita 145 aja adzakhala nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Premio ndi Allion

Ziwirizi ndi galimoto imodzi yovala nkhope ziwiri. Mtundu wachiwiri unayamba mu 2007 ndipo Toyota inasiya kuupanga mu Marichi 2021, choncho yatsopano kulibenso, koma za zaka zomalizira zikadali zambiri pamsika. Injini zake ndi zitatu: 1.5 ya 1NZ-FE, 1.8, ndi 2.0 ya 3ZR-FAE. Zonse zimayendera tcheni osati lamba wa timing, ndipo zonse zili ndi CVT. Thanki ndi ya malita 60, buti malita 491, matayala 185/65R15 kapena 195/65R15, masaizi omwe mungawapeze pa Kasungu, pa Nkhamenya kapena pa Kamwendo popanda kudikira.

Ya 1.5 imamwa pang'ono, makilomita 19.2 pa lita pa JC08, ndipo msonkho wake ndi wotsikirapo, koma ikanyamula anthu asanu imavutika kupitirira thiraki. Mumaponda mpaka pansi injini n'kumalira pamene liwiro likubwera pang'onopang'ono. Ya 1.8 ndiyo yapakati pabwino. Za 2007 mpaka 2009 zili ndi 2ZR-FE, ndipo kuyambira 2010 zili ndi 2ZR-FAE yokhala ndi Valvematic, kachipangizo kamagetsi kosintha katsegukidwe ka mavalavu. Kachipangizoka sikagwirizana ndi oyilo wakuda. Kakafa, nyali ya injini imayaka ndipo galimoto imakana kuthamanga. Oyilo wa 5W-30 kapena 0W-20, malita 4.2 pamodzi ndi fyuluta, pa makilomita 5,000 aliwonse, ndiye chitetezo chake. Ya 1.5 imalowa malita 3.7. Pampu ya madzi ya injini za ZR, za 1.8 ndi 2.0, imayamba kudontha ikakalamba; yang'anani zoumira zapinki mozungulira pampuyo.

Chomwe chimaika Premio patsogolo kuno ndi kuphweka kwa m'munsi mwake. Pa Premio zoyendera matayala akutsogolo, kumatayala akumbuyo kuli chitsulo chimodzi chopingasa, mabushi awiri akuluakulu, masipuling'i ndi mashoko, basi. Camry ya XV70, Mark X ndi Atenza zili ndi mikono ingapo mbali iliyonse, uliwonse ndi mabushi ake, ndipo msewu wa malata ukaigwedeza ndalama yokonzera imachuluka. Injini za 1NZ ndi 2ZR zilinso mu Corolla, Axio, Fielder ndi zina zambiri, kotero mapulagi, makoyilo, mafyuluta ndi masensa ali ponseponse, ndipo makaniko aliyense wa pa Kasungu anazitsegulapo.

CVT ndiyo imafuna ulemu. Mkati mwake muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri, ndipo chimene chimaletsa lambayo kuterereka ndi oyilo wake wapadera. Za zaka zoyambirira zimafuna Toyota CVT Fluid TC, zapambuyo pake FE. Onani buku kapena nambala ya chasisi musanagule. ATF wamba, oyilo wa giyabokosi za otomatiki zina, akalowamo, lamba amaterereka, amakanda mapule, ndipo giyabokosi yatha. Kuno ndi bwino kusintha oyiloyo pa makilomita 40,000 mpaka 60,000. Mukatitimira m'matope a padambo, musaponde moto kwinaku mukusinthasintha D ndi R. Kumeneko ndiko kupha CVT mofulumira. Fukulani kutsogolo kwa matayala, ikani nthambi, anthu akankhe. Ndipo Premio si yokokera ngolo kapena galimoto inzake.

Pomwe imagonja ndi pa chitetezo ndi pa mtengo. Zambiri zakale zili ndi ma airbag awiri okha akutsogolo. Makina omanga mabuleki okha, a Toyota Safety Sense C, anayamba kuikidwamo pamene anaisintha nkhope mu 2016, choncho ngati thumba likulola, yambirani chaka chimenecho. Mtengo wake ndi wokwera poyerekeza ndi msinkhu wake chifukwa imafunidwa m'maiko ambiri, ku Kenya, ku Tanzania, ku Bangladesh ndi ku Sri Lanka. Ubwino wake ndi woti mukadzafuna kuigulitsa simudzasowa wogula. Kwa mabanja ambiri a m'boma lino, makamaka amene amasakaniza tala ndi fumbi, ife tingasankhe Premio kapena Allion ya 1.8.

Mark X

Mark X imakopa maso, ndipo mtengo wake ku Japan nthawi zambiri umakhala wotsika kuposa wa Premio ya chaka chomwecho. Kutsika kumeneku kuli ndi chifukwa. Inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2019, injini yofala ndi V6 ya malita 2.5 yotchedwa 4GR-FSE, giyabokosi ndi otomatiki yeniyeni ya magiya 6, ndipo mphamvu imapita kumatayala akumbuyo. Pa tala ndi yokoma kuyendetsa, ndipo giyabokosi yake ndi yolimba kuposa CVT iliyonse pagululi.

Koma chilichonse pa iyo chimabwera chochuluka. Oyilo ndi woposa malita 6, mapulagi ndi makoyilo ndi 6, ndipo kuti mufike pa ena mumayamba mwachotsa chipangizo cholowetsa mpweya pamwamba pa injini. Thanki ya malita 71 kuidzaza nthawi ya mizere ya mafuta si masewera. Injini ya 4GR-FSE imapopera petulo mkati mwa silinda mokha, ndiye palibe chotsuka mavalavu olowetsa mpweya. Mwaye umaunjikana, injini imanjenjemera ikaima, ndipo mankhwala othira m'thanki safika pamenepo. Pamafunika kutsegula ndi kupala. Za mtundu woyamba, 2004 mpaka 2009, dashibodi yake imadziwika ndi kung'aluka kapena kumata ikawombedwa ndi dzuwa.

Kwa banja, vuto lina lili pampando wakumbuyo: pakati pamadutsa mtumbira wa propeller shaft, chitsulo chopititsa mphamvu kumatayala akumbuyo, ndipo wokhala pakati amasowa poika miyendo. M'dzinja, pa dothi lofiira loterera, kumbuyo kopepuka kumavina, ndipo pomwe Premio imadzikoka ndi kulemera kwa injini pamwamba pa matayala oyendetsa, Mark X imangozungulira pamodzimodzi. Ndi galimoto ya munthu woyenda pa tala, wosadandaula za mafuta, amene nthawi zambiri amakwera awiri kapena anayi.

Atenza ya petulo inde, ya dizilo ayi

Mazda Atenza ya 2012 kupita m'tsogolo, yomwe ku Japan anaisintha dzina kukhala Mazda6 mu 2019, ili ndi injini za petulo za 2.0 ndi 2.5 komanso ya dizilo ya 2.2. Giyabokosi yake ndi otomatiki ya magiya 6. Ya petulo ya 2.0 inalembedwa makilomita 17.4 pa lita pa JC08, ndipo ndi galimoto yodalirika ngati mumathira pa pampu pokha. Sankhani ya marimu a mainchesi 17, tayala 225/55R17. Ya mainchesi 19 tayala lake ndi 225/45R19, lopyapyala m'mbali. Dzenje limodzi lakuthwa limatupitsa tayala kapena kupinda rimu, ndipo saizi imeneyo mudzaifuna ku Lilongwe. Masipeya a Mazda m'mashopu a pa Kasungu ndi ochepa poyerekeza ndi a Toyota, choncho zinthu ngati mapadi, fyuluta ndi ma link muzigula zisanathe.

Ya dizilo imaoneka yotchipa ndipo imakoka mwamphamvu, koma inapangidwira dizilo woyera kwambiri wa ku Japan, wa sulphur wosapitirira 10 ppm. Mu ekizozi muli DPF, sefa yogwira mwaye. Kuti mwayewo upse, injini imathira dizilo woonjezera, ndipo imafuna kuyenda ulendo wautali osaima. Pa timaulendo ta kusukulu ndi kumsika ntchitoyi imadukizidwa, dizilo wina amatsikira mu sampu n'kusungunula oyilo. N'chifukwa chake pa dipstick, kachitsulo koyezera oyilo, pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wodzaza: oyilo akafika pamenepo asinthidwe msanga. Oyilo wosungunuka ndi mwaye zimatseka kasefa ka pampu ya oyilo, ndipo turbo ndi mabering'i zimatsatira. Imafunanso oyilo wa phulusa lochepa, wa DL-1 kapena wa gulu la C, osati wa malole. Munthu woyenda Kasungu ndi Mzuzu sabata iliyonse, wokhala ndi makaniko woidziwa, angathe kukhala nayo. Banja wamba liisiye.

Za Teana sitichulukitsa. Mipando yake ndi yofewa ndipo mtengo ndi wotsika, koma ndi yotsika pansi kuposa Premio, ndipo CVT yake siichedwa kutentha ikanyamula katundu pa chitunda. Imafuna oyilo wa NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka. Ngati palibe umboni woti oyiloyo ankasinthidwa, ndalama yomwe mwapulumutsa pogula muisunge, idzapita ku giyabokosi.

Msonkho ndi njira yobweretsera

Mtengo womwe mumauona pa intaneti kwa ogulitsa a ku Japan monga Be Forward kapena SBT ndi chiyambi chabe. Onjezani sitima mpaka pa Dar es Salaam, zolipira padoko, wokutulutsirani, mafuta ndi dalaivala pa ulendo woposa makilomita 1,300 kudzera pa Songwe, Karonga, zitunda za Chiweta ndi Mzuzu, kenako msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshulansi. Msonkho umakwera ndi kukula kwa injini komanso ndi zaka za galimoto. Apa ndi pomwe Camry, Mark X ndi Teana, zonse za 2.5, zimalemera poyerekeza ndi Premio ya 1.5 kapena 1.8. Malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti, choncho tengani chaka, mwezi, kukula kwa injini ndi nambala ya chasisi mukafunse ku MRA kapena kwa clearing agent wovomerezeka musanatumize ndalama. Galimoto yomwe ili pafupi ndi malire a zaka pomwe msonkho umakwera ikhoza kuwoloka malirewo ili panyanja.

Kumbukiraninso kwacha. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atalipira galimoto koma asanalipire msonkho anaona bajeti yawo ikusweka. Yogula kuno, pa malo ogulitsira galimoto ku Lilongwe, imadula koma mumaiona ndi maso. Pamenepo onetsetsani kuti nambala ya chasisi pa galimoto, pa blue book ndi pa mapepala a MRA ndi imodzi, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ndi mwiniwake ku Road Traffic, osati kudzera mwa madobadoba a pageti.

Poiyendera, ndi sabata yoyamba

Pemphani auction sheet, pepala la ku okushoni ya ku Japan lofotokoza mmene galimoto ilili. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofuna kukonza, R ndi yomwe inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Makilomita a pa dashibodi ayerekezeni ndi a papepalalo, ndi kuperepeseka kwa chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mphira ya pa buleki. Gwadani muone pansi: zochokera kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere pamsewu nthawi ya chisanu, zimabwera ndi dzimbiri pa chimango ndi pa mapaipi a mabuleki. Onaninso kuti catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi, ilipo, siinadulidwe n'kuwotchererapo paipi wamba.

Ilizeni injini itazizira, mumve ngati tcheni ikuchita phokoso masekondi oyamba. Pa CVT, nyamukani pang'onopang'ono pa chitunda. Kunjenjemera kapena kulira kokwera ndi liwiro ndi chizindikiro choipa. Pa hybrid, lumikizani kompyuta muone mphamvu ya zigawo za batire. Chigawo chimodzi chikatsalira kwambiri pa zinzake, batire lili kumapeto. Nambala ya chasisi ifufuzidwenso ngati ili m'gulu la galimoto zomwe zinaitanidwa kukasintha ma airbag olakwika a kampani ya Takata.

Matayala ambiri ochokera ku Japan ndi a chisanu, olembedwa STUDLESS. Mphira yake ndi yofewa, pa tala wotentha wa mu Okutobala amatha msanga ndipo galimoto imachedwa kuima. Manambala anayi omalizira pa malemba a DOT m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka: 2318 ndi sabata ya 23 ya 2018. Opitirira zaka 6 achotsedwe ngakhale mapanga akuoneka. Tsegulani pansi pa buti, chifukwa zambiri zatsopanopo zimabwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu m'malo mwa tayala la sipeya, ndipo mankhwalawo sathandiza tayala long'ambika m'mbali. Gulani rimu ndi tayala lathunthu, jeke ndi sipanala yake.

Ikangofika, sinthani oyilo wa injini, fyuluta ya oyilo, ya mpweya ndi ya AC, brake fluid, ndi oyilo wa giyabokosi ngati mbiri yake siidziwika. Mark X ndi Camry hybrid zimafuna ATF WS. Fyuluta ya mpweya m'nyengo ya fumbi muziiona pa makilomita 2,500 aliwonse. Kuipopera ndi kompuresa yamphamvu kumaboola pepala lake, fumbi n'kudutsa kukadetsa sensa yoyeza mpweya ya MAF ndi kudya mapisitoni ring'i; igogodeni pang'ono, ikada musinthe. Ngati mumayenda misewu ya mitumbira, chitsulo choteteza sampu cha mamilimita 3 chimangidwe pa chimango ndi mabawuti, chisiye mpata wa mpweya ndi bowo lokhetsera oyilo. Wailesi ya ku Japan imayambira pa 76 MHz ndipo zambiri zimathera pa 90, kotero mawayilesi ambiri a kuno simuwamva mpaka mutaikamo FM expander kapena kusintha wailesiyo. Pa XV70 ndi Atenza funsani kaye wamagetsi, chifukwa pa zina sikirini imagwiranso ntchito ya kamera yobwerera m'mbuyo ndi zosintha zina za galimoto.